Kabaji ka pachifuwa ndi ntchito yoyeza cheza chosaoneka

Mwezi wathawu ndinaperekeza mayi anga aang'ono kuchipatala kuti akawajambule pachifuwa, chifukwa anali atatsokomola kwa milungu isanu osaleka. Tili pa benchi kudikira, maso anga anagwera pa kanthu kakang'ono kamene mnyamata wojambula anakamangirira pathumba la chovala chake choyera. Nditamufunsa kuti n'kachiyani, anandiyankha mwaulemu kuti, "Bambo, aka kamasunga kuchuluka kwa cheza chimene thupi langa lalandira. Nthawi ikakwana amakatenga kukakawerenga, ndipo zimene apeza amazilemba pa dzina langa." Ine ndimaphunzitsa fizikisi kusekondale ndipo za cheza cha X-ray ndazilemba pabolodi kambirimbiri, koma tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikuganizira munthu amene sindinamuone, amene amawerenga kabajiko, kusunga kaundula wake, ndi kulamula kuti chipinda chitsekedwe ngati chiwerengero chakwera mosayenera. Pa zaka zonse zimene ndaphunzitsa, ana andiuzapo kuti akufuna kudzakhala madokotala, anamwino ndi mainjiniya, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchulapo ntchito imeneyi, ndipo ndikuona kuti chifukwa chake n'chakuti ife aphunzitsi sitinawauze kuti ilipo.

Cheza chimene ndikunena pano, chimene akatswiri amachitchula kuti radiation, sichioneka, sichinunkha, ndipo munthu sachimva pakhungu pamene chikumulowa. Pa chifukwa chimenechi ntchito yonse yoteteza anthu imatsamira pa kuyeza. Muyeso wake umatchedwa millisievert. Munthu aliyense padziko lapansi amalandira pafupifupi 2.4 millisievert pachaka kuchokera m'nthaka, m'miyala, m'zakudya ndi kuthambo, ngakhale asanapondepo kuchipatala. Malamulo amene mayiko ambiri amatsata amanena kuti wogwira ntchito ndi cheza asapitirire 20 millisievert pachaka tikawerengera zaka zisanu pamodzi, ndiponso asapitirire 50 m'chaka chimodzi chilichonse, pamene munthu wamba, monga mlimi wokhala pafupi ndi mgodi, asawonjezeredwe choposa 1 millisievert pachaka. Njira zodzitetezera n'zosavuta kuzinena: kuchepetsa nthawi imene uli pafupi ndi gwero la cheza, kutalikira, ndi kuika chotchinga cha mtovu kapena khoma lochindikala la konkire. Ukatalikira kawiri kuchokera pa gwero laling'ono, cheza chimene chikukufika chimatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo mwana wa Fomu 3 angathe kuwerengera zimenezi pa pepala. Chovuta ndicho kukhala ndi munthu woonetsetsa kuti zikutsatidwa tsiku ndi tsiku, ngakhale pamene odwala achuluka ndipo aliyense akufulumira.

Nkhani imene imandionetsa kulemera kwa ntchitoyi inachitika mumzinda wa Goiânia ku Brazil mu September 1987. Chipatala china chothandiza odwala khansa chinasamukira kumalo atsopano ndi kusiya makina ake akale owotchera khansa ndi cheza m'nyumba yosiyidwa. Amuna awiri otola zitsulo analowamo, nachotsa mutu wa makinawo poganiza kuti apeza chitsulo chogulitsa, ndipo atauboola anapezamo ufa wotulutsa cheza champhamvu wotchedwa caesium-137, umene unkawala mobiriwira ngati thambo mumdima. Mwini malo ogulira zitsulo zakale anaugula, anachita nawo chidwi, ndipo anagawirako abale ndi anzake. Mwana wamkazi wa zaka 6 anadya chakudya ndi manja amene anali atagwira ufawo. Anthu anayamba kusanza, kutsegula m'mimba ndi kutuluka zilonda pakhungu, koma madokotala oyamba anaganiza kuti ndi chakudya choipa kapena matenda ena a m'madera otentha, popeza palibe amene ankadziwa kuti mumzindamo muli gwero la cheza losochera.

Patapita milungu iwiri, mkazi wa mwini malo a zitsulo uja anakayikira chinthucho, ndipo anachiika m'thumba ndi kukwera nacho basi kupita ku ofesi ya zaumoyo. Tsiku lotsatira kunaitanidwa katswiri wa fizikisi ya zachipatala amene anali mumzindamo mongocheza. Iye anabwereka makina oyezera cheza, ndipo atawayatsa akadali patali ndi ofesiyo muvi wake unathamangira kumapeto, moti anaganiza kuti makinawo ndi owonongeka nabwerera kukatenga ena. Achiwiriwo atasonyezanso chimodzimodzi anadziwa kuti zinthu zaipa, ndipo anafika panthawi yake kuletsa ozimitsa moto amene ankafuna kukataya thumbalo mumtsinje. Anthu pafupifupi 112,000 anapimidwa pa bwalo la masewera, 249 anapezeka ndi ufawo pathupi, pazovala kapena m'kati mwa thupi, ndipo anayi anamwalira, kuphatikizapo mwana uja ndi mayi amene anakwera basi. Nyumba zingapo zinagwetsedwa ndipo dothi linakumbidwa kukakwiriridwa kunja kwa mzinda, chifukwa mphamvu ya caesium-137 imatsika ndi theka lokha pakatha zaka pafupifupi 30. Ndikaganizira misika yathu ya zitsulo zakale ndi anyamata amene amazungulira m'makwalala ndi njinga kugula zitsulo, nkhaniyi sindiimva ngati yakutali ayi. Tsoka lonselo linayamba pa chinthu chooneka chaching'ono, ndicho kusowa kwa munthu wokhala ndi udindo wodziwa kumene gwero lija linali ndi kuonetsetsa kuti lasungidwa.

Cheza sichidziwa malire a dziko, ndipo n'chifukwa chake ntchito imeneyi imalumikiza mayiko. Pamene malo opangira magetsi a nyukiliya a Chernobyl ku Ukraine, dera limene panthawiyo linali m'dziko la Soviet Union, anaphulika pa 26 April 1986, boma la Soviet Union silinalengeze msanga. Mayiko ena anadziwa pa 28 April, pamene makina opima antchito pakhomo la malo a nyukiliya a Forsmark ku Sweden, pamtunda wa makilomita oposa 1,000, anayamba kulira, ndipo akatswiri atafufuza anapeza kuti fumbi la cheza limene linaliza makinawo silinali lawo koma linabwera ndi mphepo. M'mwezi wa September chaka chomwecho mayiko anagwirizana mapangano awiri, lina lokakamiza dziko kudziwitsa anzake msanga pakachitika ngozi ya nyukiliya, lina lothandizana pa ngozi zotere, ndipo mu 1994 kunabwera pangano la chitetezo cha malo a nyukiliya limene limafuna kuti mayiko azipereka malipoti ndi kufunsana mafunso. Zonsezi zimayendetsedwa kudzera ku bungwe la International Atomic Energy Agency, mwachidule IAEA, limene linakhazikitsidwa mu 1957 ndipo likulu lake lili ku Vienna. Dziko la Malawi linalowa m'bungweli mu 2006.

Wina angafunse kuti ife tilibe magetsi a nyukiliya, nanga zikutikhudza bwanji, pakuti mu Africa monse malo otere amene akugwira ntchito ndi a Koeberg okha, pafupi ndi Cape Town. Yankho lili ku Karonga. Kumeneko amakumba yureniyamu, mwala wotulutsa cheza umene amapangira magetsi a nyukiliya. Mgodi wa Kayelekera, umene uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kumadzulo kwa boma la Karonga, unatsegulidwa mu 2009 ndi kampani ya Paladin ya ku Australia, unaima mu 2014 mtengo wa yureniyamu utagwa pambuyo pa ngozi imene inachitika pa malo a nyukiliya a Fukushima ku Japan mu 2011, ndipo kampani ya Lotus Resources, imene inaugula mu 2020, inayambiranso kukonza yureniyamu mu 2025. Boma la Malawi lili ndi magawo 15 pa 100 alionse mu mgodiwu. Pa mgodi wotere pamafunika anthu oyeza fumbi limene antchito amapuma, mpweya wa radon umene umatuluka m'miyala, madzi a m'mitsinje imene imathera m'nyanja ya Malawi, ndi madamu osungiramo zinyalala za miyala yogayidwa, amene adzakhalapo zaka zambiri mgodi utatsekedwa. M'nthawi ya Paladin migolo ya yureniyamu inkayenda pamsewu kudzera ku Zambia mpaka ku doko la Walvis Bay ku Namibia, kutanthauza kuti akuluakulu oyang'anira a mayiko atatu ankayenera kumvana pa malamulo amodzi a kanyamulidwe. Anthu a ku Karonga akhala akufunsa za madzi amene amamwa ndi nsomba zimene amadya, ndipo funso limeneli ndi loyenera. Maganizo anga ndi akuti silingayankhidwe ndi malonjezo a kampani kapena ndi mphekesera za pamsika, koma ndi Mmalawi wophunzira bwino, wosalipidwa ndi kampaniyo, amene angatunge madzi mu mtsinje, kuwayeza, ndi kufotokozera mfumu ndi anthu ake m'chinenero chawo tanthauzo la chiwerengero chimene wapeza.

Lamulo la ntchito imeneyi tili nalo, la Atomic Energy Act la mu 2011, ndipo ndilo linakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, limene limapereka ziphaso ndi kuyendera malo ogwiritsa ntchito cheza. Malo amenewa ndi ambiri kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa kupatula zipatala ndi mgodi palinso makina oyezera kulimba kwa dothi pomanga misewu, amene amakhala ndi gwero la cheza m'kati mwake, ndi makina ounikira katundu pabwalo la ndege. Mbali ya khansa ndiyo ikukula msanga. Kwa zaka zambiri odwala athu ofunika kuwotchedwa khansa ndi cheza ankatumizidwa kunja, ndipo Malawi anali mmodzi mwa mayiko asanu ndi awiri oyamba a mu Africa amene analowa mu ndondomeko ya IAEA yotchedwa Rays of Hope, imene inakhazikitsidwa ku Addis Ababa mu February 2022. Chipatala cha khansa cha dziko lonse chili ku Lilongwe, pafupi ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu. Makina owotchera khansa amapereka mwadala cheza chochuluka kwambiri pa chotupa, ndipo ngati muyeso wake walakwika pang'ono wodwala amapsa kapena chotupa sichifa, choncho dokotala sangagwire ntchito popanda katswiri wa fizikisi ya zachipatala woyeza makinawo kawirikawiri.

Njira yolowera ntchitoyi imayambira pa masamu, fizikisi ndi kemisitiri za MSCE, kenako digiri ya fizikisi, kemisitiri, uinjiniya kapena kujambula odwala. Pambuyo pake IAEA imathandiza maphunziro apadera a miyezi pafupifupi isanu a chitetezo ku cheza, amene kwa olankhula Chingerezi mu Africa akhala akuchitikira ku Ghana, pa sukulu ya sayansi ya nyukiliya imene yunivesite ya Ghana imayendetsa pamodzi ndi bungwe la mphamvu za atomu la dzikolo. Mayiko a mu Africa alinso ndi mgwirizano wawo wotchedwa AFRA, wa mu 1990, umene umaphunzitsa akatswiri ndi kugawana zipangizo. Kwa atsikana pali thandizo la maphunziro a digiri yachiwiri lotchedwa ndi dzina la Marie Skłodowska-Curie, mayi wasayansi wotchuka pa kafukufuku wa cheza, limene IAEA inayambitsa mu 2020, ndipo ndikanakonda kuti mtsikana aliyense wokhoza fizikisi m'kalasi langa alidziwe asanafike ku yunivesite.

Sindikufuna kunamiza ana kuti ntchitoyi ndi yofewa kapena kuti malo ake ndi ambiri. Gawo lalikulu la tsiku limathera pa kulemba makaundula, kuwerenga malamulo ndi kubwereza miyeso yomweyo, ndipo ntchito ikayenda bwino palibe amene amakuyamikira, chifukwa palibe chimene chachitika. Pamafunikanso mtima wolimba, pakuti tsiku lina woyendera wachinyamata adzayenera kuuza mkulu wa chipatala kapena wa kampani, munthu wa msinkhu wa bambo ake, kuti makina awa sagwiranso ntchito kufikira atakonzedwa, uku odwala ali pamzere panja. M'chikhalidwe chathu cholemekeza akulu mawu otere ndi olemera kuwatulutsa, ndipo ndikuona kuti amene akuphunzitsa akatswiriwa ayenera kuwakonzekeretsa pa zimenezi mofanana ndi mmene amawaphunzitsira masamu.

Mayi anga aang'ono anawapeza ndi chifuwa chachikulu ndipo anayamba kumwa mankhwala. Panopa akupezako bwino. Pamene tinapita kukatenga zotsatira ndinamupempha mnyamata wojambula uja kuti teremu ikubwerayi adzabwere kusukulu kwathu ndi kabaji kake ndi chovala chake cha mtovu, adzalankhule ndi ana a Fomu 4 asanadzaze mafomu osankhira maphunziro a ku yunivesite, ndipo wavomera kuti adzabwera Lachisanu lina masana akadzakhala kuti sali pantchito.