Mabokosi a maluwa ndi mipira iwiri yopingasa msewu

Lolemba ndinafika ku ofesi nditadziuza kuti sabata ino lipoti litha. Ndimagwira ntchito ku nthambi ya zamisewu pa khonsolo ina kuno ku London, ndipo kwa miyezi isanu tsopano dzina langa ndi lomwe lili pansi pa makalata onse a LTN ya dera lina. Kwa amene simunakhaleko kuno, LTN (Low Traffic Neighbourhood) ndi chigawo cha misewu ya m'makomo momwe khonsolo imaimika mabokosi akuluakulu a matabwa odzalamo maluwa, pena kamera yowerenga nambala za galimoto, kuti wongodutsa asadulire pamenepo. Pakhomo lililonse galimoto imafikabe, koma komwe walowera ndi komwe utulukire. Wapansi ndi wanjinga amadutsa bwinobwino. Ukalowa podikira kamera, kalata imakupeza kunyumba: chindapusa cha mapaundi 160 kuyambira Epulo 2025, theka lake ukalipira pasanathe masiku 14.

Yathuyi ndi yoyeserera. Lamulo la zamisewu la 1984 limalola khonsolo kuyesa chinthu mpaka miyezi 18, ndipo miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndi yolandira madandaulo. Nthawi ikamatha chonchi, maimelo amachita kukhuthuka. Tsiku lonse ndinali kuwerenga. Wina wanditcha wakuba. Wina watumiza chithunzi cha mwana wake akupalasa kanjinga pakati pa msewu. Bambo wina wachikulire analemba masamba anayi kufotokoza kuti kale njira yachidule ija ankaidziwa ndi oyendetsa taxi okha, koma chibwerere mapu a pafoni a Waze ndi Google Maps, aliyense wothawa mzere wa pamsewu waukulu amathera pakhomo pake. Apo sananame.

Lachiwiri ndinapita kukaona mipira. Timawerenga galimoto ndi mipira iwiri yopingasa msewu, yolumikiza ku kabokosi komangirira pamtengo wa magetsi. Tayala likaponda, mpweya umagunda, kabokosi kamalemba. M'kati mwa LTN zonse zinali m'malo, kupatula chikwangwani chimodzi chomwe wina anachipopera penti wakuda usiku. Bata lake, ndinamva mbalame. Pamsewu wa m'malire, womwe tsopano walandira onse amene tawatsekera, ndinaima ola lathunthu ndi kope m'manja. Galimoto zinali kukwawa ngati nkhono, basi itatsekeredwa pakati. Ndiye vuto la mipira lili pomwepa: galimoto ikamakwawa kapena kuima pamwamba pake, siwerenga bwino. Choncho pamalo pomwe pavuta kwambiri m'pamene chida changa chimasonyeza ngati zinthu zili bwinoko. Aliyense wa ntchito ino amadziwa zimenezi. Si onse amazilemba mu lipoti.

Ndili chiimire, kagalimoto kena kanaima pafupi ndi bokosi la maluwa. Mayi wa yunifolomu ya osamalira okalamba anatsitsa galasi, n'kuyang'ana chitupa changa cha pakhosi, kenaka nkhope.

"Achimwene, dzina limeneli ndi la kumudzi. Ndinu Amalawi?"

"Eya, achemwali. Muli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya inu? Koma ndiye ndinu mwatitsekera njira? Agogo anga ali nyumba iyo, mukuiona iyo ya chitseko chobiriwira. Ena ali kuseri kwa mabokosiwa. Kale ndinkangowoloka. Pano ndizungulire ku msewu waukulu, ndikaime pamzere, ndikafike mankhwala a m'mawa atadutsa nthawi."

Anandiuza kuti amayendera makomo ambiri patsiku, ena theka la ola basi, ndipo mwezi watha kamera inamutola kawiri. Ndinamufunsa ngati analemba dandaulo. Anaseka. "Ndilembe nthawi yanji, achimwene?" Olumala okhala m'chigawomo amene ali ndi Blue Badge, chitupa cha olumala choika m'galimoto, tinawalola kudutsa pa kamera. Koma agogo osatuluka m'nyumba alibe galimoto yoti tiilembetse, ndipo amene amawasambitsa, wochokera ku Malawi, Zimbabwe kapena Nigeria, sali pa mndandanda uliwonse. Tinapatsana manambala.

Msonkhano wa Lachitatu unali mu holo ya tchalitchi, 7 koloko madzulo. Mnzanga wa zaka zambiri pantchito anandinong'oneza kuti izi n'zazing'ono. Ku Walthamstow mu 2015, potsegulira Orford Road pansi pa ndondomeko ya Mini-Holland yopatsa malo apansi ndi anjinga, otsutsa anabwera atanyamula bokosi la maliro. Ine mpaka lero zimandivuta kumvetsa: kunyamula bokosi popanda womwalira, kwathu akuluakulu akanakuitanira pabwalo. Msewu womwewo lero anthu amamwera khofi panja. Koma si konse zinatha choncho. Boma litauza makhonsolo mu Meyi 2020, mliri wa Covid uli pakati, kuti apatse malo apansi ndi anjinga mwachangu, ambiri anaika mabokosi asanafunse munthu. Khonsolo ya Wandsworth inachotsa ake mu Seputembala chaka chomwecho patangotha masabata ochepa. Ya Ealing inachotsa ma LTN asanu ndi awiri mwa asanu ndi anayi mu 2021. Makhansala athu amazikumbukira bwino zimenezi, makamaka chisankho chikamayandikira.

Holo inagawika ngati ukwati wa mabanja osamvana. Kumanja kunali makolo onena kuti ana awo tsopano amapita okha kusukulu. Kumanzere kunali wokonza mipope yemwe veni yake ndiyo ofesi yake, mwini sitolo wodandaula kuti makasitomala athawa, ndi bambo wina amene anaima katatu kunena kuti zonsezi n'zongofuna ndalama za chindapusa. Mayi wina amene anasainira nawo pempho loti msewu wawo utsekedwe anadandaula kuti tsopano ulendo wopita kwa mayi ake watalika. Ndinangoti chamumtima, walira mvula walira matope. Kenaka wina kumbuyo anatchula Ella Adoo-Kissi-Debrah, ndipo phokoso linatsika. Ella anali mtsikana wa zaka 9 wa ku Lewisham, wokhala pafupi ndi msewu waukulu wa South Circular, amene anamwalira mu 2013 ndi mphumu. Mu Disembala 2020 wofufuza za imfa anagamula kuti mpweya woipa unathandizira imfa yake. Mbali zonse ziwiri zimamutchula. Ofuna mabokosi amati n'chifukwa chake tichepetse galimoto. Otsutsa amakumbutsa kuti mayi ake, a Rosamund, anadzudzula LTN ya ku Lee Green, ku Lewisham komweko, chifukwa chokankhira galimoto ku msewu waukulu womwewo.

Pobwerera ndinayang'ana pepala la olembetsa pakhomo. Maadiresi pafupifupi onse anali a m'kati mwa chigawo, nyumba za kadimba kutsogolo. A m'mafulati a pamsewu wa m'malire ndinawerenga ndi zala za dzanja limodzi, zina n'kutsala.

Lachinayi m'mawa loya wa khonsolo anatikumbutsa za LTN ya ku West Dulwich. Mu Meyi 2025 khoti lalikulu linagamula kuti khonsolo ya Lambeth inalakwitsa chifukwa sinaganizire chikalata cha masamba 53 chomwe otsutsa anapereka. Chichokereni apo, chilichonse cholowa timachiwerenga n'kulemba kuti tachiwerenga. N'zabwino, koma zimathandiza odziwa kulemba masamba 53. Masana ndinavala jekete n'kupita ndekha ku mafulati aja, poti kandimverere anakanena za m'maluwa. Zitseko zambiri sizinatsegulidwe, anthu ali kuntchito. Mayi wina wa pansanjika yoyamba anandilowetsa n'kupititsa chala pawindo la kuchipinda kwa ana, chala n'kuda bii. Sayanikanso zovala pakhonde. Ndinamufunsa ngati analandira kalata yathu. Ayi. Nditabwerera ndinaona mapu omwe tinapatsa ogawa makalata: mzere wofiira unathera pakati pa msewu, mbali ya mafulati ili kunja. Mapu amenewo ndinawavomereza ndine, mu Juni.

Lachisanu lipoti silinathe. Ndinalemba zoona zake, kuti m'kati galimoto zachepa kwambiri ndipo ambiri okhalamo akufuna mabokosi akhale. Ndinalembanso kuti manambala a pamsewu wa m'malire ndi osadalirika, tiwerengenso ndi kamera ya vidiyo. Kuti makalata apite ku mafulati ndipo nthawi yoyankha iwonjezedwe. Kuti osamalira odwala m'makomo apatsidwe chilolezo chodutsa. Abwana anavomera ziwiri zoyambazo. Chachitatu anachizunguliza ndi cholembera n'kufunsa kuti tidzadziwa bwanji wosamalira weniweni, poti makampani awo ndi ambirimbiri ndipo antchito amasintha mwezi ndi mwezi. Anati tikambirane Lolemba.

Ndili m'sitima, uthenga unalowa pa WhatsApp. Chinali chithunzi cha envelopu ya khonsolo yathu, pansi pake atalemba: "Achimwene, yachitatu iyi. Ndilipire kaye kapena ndidikire?" Ndinawerenga masiku pa chithunzicho. Anatsala asanu ndi limodzi kuti 80 isanduke 160. Ndinayankha kuti anditumizire ndandanda yake ya ntchito ya tsiku limenelo, tilembere limodzi apilo mawa akaweruka.