Injini isankhidwe thabwa lisanadulidwe

Pa zonse zimene ndakhala ndikuphunzira za kamangidwe ka boti laling'ono la matabwa, mfundo imene yandikhazikika m'mutu ndi yakuti womanga ayenera kudziwa injini imene adzamangirire kumbuyo asanagwire sowo, chifukwa kulemera kwake ndi mphamvu yake ndizo zimalamula maonekedwe a boti lonse.

Boti limene limang'amba madzi monga bwato la asodzi lili ndi malire a liwiro amene amadalira kutalika kwake. La mamita 5 limathera pa makilomita pafupifupi 10 pa ola, ndipo kuwonjezera mphamvu kumangokumba dzenje m'madzi kumbuyo kwake ndi kutha petulo. Kuti lithamange kuposa pamenepo liyenera kudzuka n'kumatsetsereka pamwamba pa madzi, zimene zimafuna kuti pansi pake pakhale potambalala ndi powongoka chakumbuyo. Komabe lophwatalala mpaka kutsogolo limamenyetseka koopsa pa mafunde, ndipo amene anaonapo nyanja ya Malawi mwera ukamawomba m'mwezi wa June angavomereze kuti chakumphuno pansi pake payenera kusongoka.

Njira yomangira boti imene ndikuiona yoyenera pakhomo ndi yosoka ndi kumata, yomwe inatchuka ku Britain ndi boti la Mirror m'zaka za m'ma 1960. Zidutswa za pulayiwudi zimaboledwa m'mphepete n'kusokedwa ndi waya wa kopa, kenako msoko umamatidwa ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy ndi nsalu ya fiberglass. Popeza pulayiwudi imabwera yotalika mamita 2.44, ziwiri zimalumikizidwa pozipala mopendekera m'mphepete, ndipo popalapo pakhale kutalika kasanu ndi katatu kuposa kuchindikala kwa thabwa. Pulayiwudi wamba ya siling'i siyenera kuyandikira ntchito imeneyi. Kachidutswa kake mukakawiritsa m'madzi kamakanganuka, pamene yopangidwira maboti, ya muyezo wa BS 1088, imakhalabe yogwirana.

Thabwa la kumbuyo ndilo landitengera nthawi yambiri, pakuti ndilo limasenza injini ndi kulandira kukankha kwake konse. Injini ya mwendo waufupi (mwendo ndi mbali yotsikira m'madzi imene ili ndi pulopela) imafuna thabwa lotalika masentimita 38, ndipo ya mwendo wautali imafuna 51. Likatalika mopitirira, pulopela imayamwa mpweya ndipo madzi oziziritsa injini salowa bwino. Likafupika, mwendo umamira kwambiri n'kumakoka boti, komanso funde limalowera kumbuyo woyendetsa akaima mwadzidzidzi. N'chifukwa chake ndimakonda mwendo wautali pa nyanja yaikulu, ngakhale kuti kugombe kosaya umavutitsa. Thabwali lichindikale pomata pulayiwudi ziwiri kapena zitatu, ndipo m'ngodya mwake muikidwe zogwiriziza zolilumikiza ku nthiti ndi pansi.

Za epoxy ndingotchulapo kuti imadzitenthetsa yokha ikasakanizidwa, choncho pa kutentha kwa October iyenera kusakanizidwa pang'onopang'ono m'mbale yotambalala, m'mamawa, womanga atavala magolovesi.