Mmene ndinapezera ndi kukonza payipi ya oil cooler yomwe inkadontha

Oyilo akamadontha kunsi kwa galimoto, pamene pagwera dontho sipakhala pamene pali vuto, chifukwa oyiloyo amatsetsereka pa injini ndipo mphepo ya pamsewu imamukankhira kumbuyo. Galimoto yanga ya dizilo, yomwe ndimanyamulira katundu kuno ku Johannesburg, inkasiya madontho akuda poimika, ndipo kandodo koyezera oyilo kankasonyeza kuti akucheperachepera. Anzanga ena ankati ndi gasiketi ya sampu (chibeseni cha pansi pa injini chosungira oyilo), ena ankati ndi fyuluta, koma ine sindinafune kugula kanthu ndisanaone ndi maso anga.

Ntchito yoyamba inali kutsuka. Injini itazizira ndinakweza kutsogolo ndi jeke n'kuikapo zochirikiza zachitsulo, pakuti munthu salowa kunsi kwa galimoto imene yangodalira jeke. Ndinapopera mankhwala ochotsa mafuta, ndinapukuta mpaka ponse pataumiratu, kenaka ndinaliza injini kufikira itatentha, uku ndikuwunika ndi tochi kuyambira pamwamba kutsika mmunsi, popeza malo onyowa okwera kuposa onse ndiwo gwero. Sampu ndi fyuluta zinali zouma. Chinyontho chinaonekera pa imodzi mwa mapayipi awiri opita ku oil cooler, karediyeta kakang'ono kakutsogolo komwe kamaziziritsa oyilo asanabwerere mu injini, ndipo pamene pankatulukapo ndi pomwe labala amalowa m'chitsulo chofinyidwa. Injini ikamalira pang'onopang'ono pankangochita thukuta, koma mnzanga atapondako moto dontho linatuluka.

Mnzangayo anati, "Achimwene, ingomangani ndi kilampu, mufika nayo kumudzi." Ndinakana, ndipo ndimakanabe. Payipi imeneyi imanyamula oyilo wotentha amene pampu ikumukankha mwamphamvu, ndipo ikaphulika oyilo amatha m'kanthawi kochepa, injini n'kugwira. Zoterezi zitakuchitikirani pa msewu wa N1 kupitirira Polokwane, m'kutentha kwa Disembala galimoto itadzaza katundu, ku Beitbridge simungafikeko.

Pomasula ndinatchera beseni kunsi ndi kugwiritsa ntchito masipanala awiri, ina yogwira polumikizira pa cooler, ina yopotokola, chifukwa cooler ndi ya aluminiyamu ndipo sichedwa kung'aluka. Ndinachotsa mapayipi onse awiri, poti labala wawo ndi wa msinkhu umodzi ndipo yachiwiriyo inali itauma gwa. Ndinapita nawo ku Booysens kwa anthu okonza mapayipi a hydraulic, amene anandiikira labala watsopano wopirira oyilo ndi kutentha. Payipi ya madzi siyenera pamenepa ngakhale itakwana bwanji, chifukwa oyilo amaifewetsa.

Pobwezeretsa ndinaika mawashala atsopano a kopa, pakuti akale akafinyika kamodzi satsekanso bwino. Bauti iliyonse ndinayamba kuilowetsa ndi zala kuti mazinga asapingasane, ndipo ndinamanga mosapyola muyeso. Ndinaonetsetsanso kuti mapayipi akhala m'zogwirira zake, kutali ndi ekizozi ndi zitsulo zakuthwa zomwe zingawapale.

Nditathira oyilo ndinaliza injini, nyali yofiira yochenjeza za oyilo inazima msanga, ndipo nditazimitsa ndi kudikira pang'ono ndinayezanso n'kuwonjezera, chifukwa cooler ndi mapayipi opanda kanthu amamwako gawo lawo. Ndinayenda pa msewu wa M2 mpaka injini itatentha bwino, usiku ndinayala katoni kunsi, ndipo mmawa inali youma. Oyilo wa m'beseni ndinamuthira m'chigubu n'kukamusiya kugalaja yomwe imalandira oyilo wakale, osati mu ngalande ya madzi a mvula.