Zikomo kwa onse amene munatigwira dzanja semesita ino

Magiredi ndapereka dzulo, ndiye ndati ndisapume ndisanathokoze.

Chaka chino ndinasintha kaphunzitsidwe ka kosi yanga yolemba mapulogalamu a kompyuta. M'malo mwa ntchito yoti ndichonge ndekha kenako iiwalike, ndinauza wophunzira aliyense kuti asankhe pulojekiti ya open source, ija code yake (mizere ya malamulo opanga pulogalamuyo) aliyense ali ndi ufulu woiwerenga, kuisintha ndi kuigawa, akakonzemo kanthu. Masabata oyamba ndinatsala pang'ono kugwa ulesi. Git yokha, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha zonse mu code, inatidyera nthawi. Wina anafufuta branch yake, nthambi ya code yomwe ankagwirirapo ntchito, ena akangoona merge conflict, kuwombana kwa zosintha ziwiri pamalo amodzi, ankatseka laputopu. Ndinawauza kuti Linus Torvalds analemba Git mu 2005 poganizira akatswiri okonza Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, osati ongoyamba kumene, koma sanatonthozeke.

Chachikulu chinali manyazi. Pa GitHub, webusaiti yosungirapo mapulojekitiwa, ukatumiza pull request, pempho loti zosintha zako zilandiridwe, cholakwa chako chimakhala poyera, dzina lako lili pomwepo.

N'chifukwa chake ndiyambe ndi inu ma maintainer, oyang'anira mapulojekitiwa, amene nkhope zanu sitizidziwa. Ambiri a inu simulipidwa, mumagwira ntchitoyi mukaweruka kwina, komabe munawerenga code ya ana angawa mzere ndi mzere. Mmodzi wa inu anabweza ntchito ya mtsikana wina kanayi, ulendo uliwonse akumufotokozera chomwe chikugwetsa ma test oyesa ngati code ikugwira bwino. Mtsikanayo anabwera kuofesi misozi ili m'maso, ati amukana. Ndinamufunsa ngati munthu wokukana angataye nthawi kukulembera ndime zitatu. Ulendo wachisanu anailandira, ndipo mizere yakeyo lero ikugwira ntchito m'makompyuta a anthu omwe sadzakumana nawo. Phunziro limenelo ine pabolodi sindikanalikwanitsa. Inunso amene mumaika chizindikiro cha good first issue pa timavuto tating'ono toyenera ongoyamba kumene, khomo lolowera munatitsegulira ndinu.

Akuluakulu a dipatimenti, zikomo pondilola kupereka magiredi potengera khama ndi mayankhidwe a wophunzira, osati kulandiridwa kwa ntchito yake, poti mapulojekiti ena sanatiyankhe n'komwe mpaka lero. Othandizira mu labu, maola amene munawonjezera aja ndinawaona.

Ophunzira anga, mwandinyaditsa, kuphatikizapo inu amene munangokonza malangizo oikira pulogalamu. Imeneyonso ndi ntchito, musadziderere. Amene ma pull request anu akadali otsegula, chonde musawasiye chifukwa magiredi atuluka. Akakulemberani ndemanga patchuthi pano, ayankheni.