Ulendo wa ku Likhubula: kuphunzira kuthamanga thupi litalemera kale

Tinanyamuka pa Thyolo boma Loweruka m'mamawa, chiperoni chikuwaza, tilipo 14. Ambiri a ife kuthamanga tinasiyira ku pulayimale. Tinadzera ku Luchenza, pa Chitakale n'kukhotera msewu wa ku Phalombe mpaka ku Likhubula, komwe kumayambira mpikisano wothamanga m'phiri wa Porters Race chaka ndi chaka. Otilandira anali achinyamata onyamulira alendo katundu m'phiri la Mulanje, ena mwa iwo othamanga nawo mpikisanowo.

Anayambira kutiyang'ana kumapazi. Nsapato ya pa kaunjika ilibe vuto, bola pansi pake pasakhale potha mbali imodzi, ndipo kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wokwana chala chamanthu cha kudzanja. Kayeseni madzulo chifukwa phazi limatupako likayenda tsiku lonse. Yothina imadetsa zikhadabo potsetsereka, yokhwepa imabala matuza kuchidendene. Amene ntchafu zimakhulana azipaka Vaseline asananyamuke.

Kenaka anatipititsa pamalo a see, osati kuphiri. Dongosolo lake ndi ili: kuyenda mwandawala mphindi 5 kuti thupi litenthe, kenaka kuthamanga mphindi imodzi, kuyenda ziwiri, mpaka maulendo 8. Zonse pamodzi sizikwana mphindi 30. Katatu pa sabata basi, ndipo pakati pazikhala tsiku lopuma. Sabata ikatha popanda chopweteka, mphindi yothamanga ija ikhale imodzi ndi theka, kenaka ziwiri. Ikavuta, bwerezani sabata yomweyo.

Liwiro ndi lomwe linatigwetsa. Abambo angapo anayamba ngati athamangitsidwa ndi galu, pofika ulendo wachitatu anali atagwira m'mawondo, wefuwefu. Mmodzi wa otilandira anapita pambali pa wamkulu wina n'kumufunsa kuti, “Bambo, chimanga chinacha bwanji kwanu chaka chino?” Yankho linakanika kutuluka. Muyeso wake ndi womwewo: ngati simungathe kumaliza chiganizo mukuthamanga, mwaonjeza liwiro. Chepetsani, ngakhale wogulitsa nanazi akupitirireni akuyenda.

Chifukwa choyambira pang'onopang'ono chonchi n'chakuti mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pomwe mafupa ndi mitsempha ya m'miyendo zimachedwa. Pakatha masabata atatu kapena anayi befu limachepa, munthu n'kudziona ngati wafikapo, n'kuyamba kuthamanga tsiku lililonse. Apa ndi pamene msongolo umayamba kuwawa, makamaka kwa wothamanga m'misewu ya tala yokhayokha. Misewu yadothi ya m'minda ya tiyi ndi yabwinoko, kungoti ikanyowa imaterera. Kuphwanya kwa akatumba komwe kumabwera mawa lake kapena mkuja si koopsa, kumatha kokha. Koopsa ndi ululu wa pamalo amodzi umene ukukula pamene mukuponda. Umenewo siyani kuthamanga, mukaonetse kuchipatala. A BP, a shuga ndi a vuto la mtima ayambe aonana ndi dokotala, ndipo aliyense akamva kuthina pachifuwa kapena chizungulire aime pomwepo.

Masana tinakwera wapansi kupita ku Dziwe la Nkhalamba, mtunda wa pafupifupi ola limodzi. Chomwe ambiri sitinkadziwa n'chakuti ngakhale akatswiriwo pokwera pokhapokha amayenda, manja atatsamira pantchafu. Potsika ndiye pamafunika nzeru: mapazi afupiafupi, mawondo opindika pang'ono, osaponyera mwendo kutali. Kutsika kumadya ntchafu ndi mawondo kuposa kukwera, ndipo ife a ku Thyolo izi zikutikhudza, poti kwathu msewu wopanda chitunda ndi wosowa.

Za chakudya sanachulutse. Nthochi imodzi kapena tiyi musananyamuke n'zokwanira. Mukadya nsima dikirani maola awiri kapena atatu, apo ayi mudzamva kubaya m'nthiti. Kukabaya, yendani ndipo muzipuma mokoka mpweya wambiri mpaka kutasiya. Madzi muziona ndi mkodzo: ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti mwamwa ochepa.

Pobwerera m'minibasi tinagwirizana zokumana Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu 5 koloko m'mawa. Masabata anayi oyamba chitunda chilichonse tiziyenda, ndipo wotsogolera azikhala amene amachedwa kuposa tonse.