Bambo alephera kumanga ndindi

Lachiwiri, kuno ku Chamama. Tinali m'chigafa tikusankha fodya. Bambo anasonkhanitsa masamba awo bwinobwino, koma pofika pokulunga tsamba lomangira ndindi zala zinakana, zouma ngati za munthu amene wagona panja mu Juni. Anayesa katatu. Kenako anaika dzanja pabondo, ndipo chala chachikulu chinayamba zake zija, kukhulana ndi chamkombaphala ngati akufikisa kanjere. Ndi matenda awo a Parkinson amenewo, aja onjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi. Munthu amene anatiphunzitsa tonse ntchito imeneyi. Ine ndinangoyang'ana kumbali.

Chandisowetsa tulo ndi azakhali. Anafika ndi foni m'manja, ati pa WhatsApp pali uthenga woti munthu akasala kudya masiku 7 thupi limadya lokha matenda onse, khansa ndi Parkinson yomwe, ndipo wotulukira zimenezi analandira mphoto ya Nobel. "Achimwene angoyesako," anatero. Bambo amene thalauza likuwavuka kale!

Ndinapsa mtima koma choyankha ndinalibe. Anandipulumutsa ndi mwana wa achemwali, amene ali patchuthi kuchokera kukoleji komwe akuphunzira za mulabotale. Anati, "Agogo, za mphotozo n'zoona. Anailandira Yoshinori Ohsumi wa ku Japan mu 2016. Koma amene ankawamana chakudya ndi maselo a yisiti, yemweyu timaika m'mandasi." Azakhali anaseka, ine ayi.

Anatifotokozera atakhala pa belo. Selo lililonse lili ngati pakhomo, limatulutsa zinyalala: mapuloteni opindika molakwika, ndi mitochondria zotopa, timene timapangira selo mphamvu. Selolo limakuta zinyalalazo m'kathumba n'kupita nazo ku lysosome, kadzala kodzaza asidi komwe wasayansi wina, Christian de Duve, anakatulukira m'ma 1950. Kumeneko zimagayidwa n'kubwerera kudzagwiranso ntchito, monga mapesi asandukira manyowa. Dzina lake ndi autophagy. Maselo ambiri akagawikana zinyalala zimagawikananso, koma a mu ubongo sagawikana. Amene munthu ali nawo ndi omwewo mpaka kukalamba, choncho tsache likafooka zinthu zimangounjikana. Mwa odwala Parkinson, puloteni yotchedwa alpha-synuclein imaundana m'maselo opanga dopamine, chimene ubongo umagwiritsa ntchito poyendetsa thupi, maselowo n'kumafa. Anatchulanso mapuloteni a PINK1 ndi Parkin, amene amaika chizindikiro pa mitochondria yowonongeka kuti ichotsedwe. M'mabanja ena zimenezi zimabadwa zolumala ndipo matendawa amayamba munthu akadali wachinyamata.

Apa mtima wanga unapita kwina. Zaka ziwiri anthu akhala akunong'ona kuti ndi kachasu, chonsecho bambo sanalawepo. Ena ati anaponda mankhwala m'munda wa mnzawo. Ineyo ndinakhalapo chete pamaliro ena munthu akunena zimenezo pafupi nane, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti sindinamuyankhe.

Za khansa ndiye zinandizunguza mutu. Ati poyamba kusesaku kumateteza, ndipo mu 1999 wofufuza wina, Beth Levine, anasonyeza kuti puloteni ya Beclin 1, imene imathandiza kuyambitsa autophagy, imaletsa zotupa kukula. Koma chotupa chikakhazikika chimalanda tsache lomwelo. Magazi akachepa mkati mwake, kapena mankhwala akachipanikiza, chimadya zinyalala zake n'kupulumuka. N'chifukwa chake ofufuza ena akuyesa kulitseka. Ndipo mwa mankhwala amene amatseka lysosome muli klorokwini! Yemwe uja ankatiyabwitsa thupi lonse tili ana, amene Malawi inamusiya mu 1993 malungo atasiya kumumva. "Malume, musakagule ayi," anandichenjeza asanamalize n'komwe. "Zikadali zoyesa, ndipo kwa agogo mungakhale mukutseka dzala lomwe ladzaza kale."

Ndiye chinthu chimodzi, kwa bambo chikuchepa, kwa wodwala khansa chikudyetsa mdani. Wojambula uthenga uja anangotola theka n'kuliponya m'mafoni a anthu amene ali ndi odwala m'nyumba. Azakhali sindikuwada, amawakonda achimwene awo. Koma pochoka anati akafunsabe kwa amene anawatumizira.

Madzulo bambo anadya nsima mitanda iwiri, ndinawerenga. Levodopa, mankhwala awo a Parkinson, watsala wa masiku 9, ndipo wina ayenera kukwera ya ku Lilongwe fodya asanagulitsidwe. Ndindi ija yosamanga ndinaipeza pampando wawo. Sindinaimange, ili pomwepo.