Zikomo nonse amene munandithandiza pa vuto la ERROR 1264

Lipoti la ngongole za mamembala a bungwe lathu latuluka dzulo madzulo, litachedwa masiku atatu. Ndisanapume, ndithokoze kaye.

Lolemba usiku pulogalamu yathu yowerengera chiwongoladzanja inamaliza bwinobwino, koma pothira zotsatira mu MySQL, pulogalamu yosungira mabuku athu, inakana ndi ERROR 1264 kuti "Out of range value for column", kutanthauza kuti nambala yaposa malire a malo ake. Ine ndinathamangira kukayikira masamu anga. Ndinakhala pa kompyuta mpaka tambala kulira, ndikusakasaka tambala imene yasokonekera. Masamu analibe vuto.

Oyamba kuwathokoza ndi amayi athu osunga mabuku a ndalama, amene SQL, chiyankhulo cholamulira MySQL, sakuidziwa n'komwe. Anangoyang'ana pepala, magalasi ali pamphuno, nati: "Achimwene, gulu lija la alimi chaka chino silinadutse K100 miliyoni?" Ndinachita manyazi. Column ya ngongole (malo olembapo ngongole mu tebulo la MySQL) inali DECIMAL(10,2), kutanthauza manambala 10, awiri mwa iwo a matambala. Malire ake ndi 99,999,999.99 basi. Amene anakonza tebuloli kalekale sankalota kuti gulu limodzi lingadzakongole zoposa pamenepo, ndipo sindiwada. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza yemweyo anayamba kufuna ndalama zambiri, ngongole n'kukula nazo.

Achiwiri ndi aphunzitsi anga akale, amene ndinawaimbira ndili ndi nzeru yoipa. Ndimafuna kungozimitsa strict mode, lamulo lochititsa MySQL kukana nambala zosakwana pamalo ake, kuti zinthu zilowe, ndikagone. "Mwana wanga, usayerekeze," anatero. Anandikumbutsa kuti ukatero MySQL simakananso, imadula nambalayo n'kulemba 99,999,999.99, n'kungosiya kachenjezo komwe palibe amakawerenga. Ndalama zapamwambazo zikanasowa m'mabuku mwakachetechete, ndipo tsiku la ma auditor wofunsidwa ndikanakhala ine. Bambo, Mulungu akusungeni.

Ndinatsata zimene ananena: backup kaye (kukopera zonse n'kusunga padera), kenako kuyesa pa tebulo lokopera, ndiye lamulo la ALTER TABLE kukulitsa column kufika DECIMAL(15,2). Anandiuzanso ndione ma column ena osunga ndalama, ndipo ndinapezadi ina ya mtundu wa INT, imene imathera pa 2,147,483,647. Ndalama zonse za bungwe zinali zitayandikira pamenepo. Imeneyonso ndaikonza.

Kwa mamembala amene munabwera Lachitatu n'kubwerera opanda statement, pepani, ndipo zikomo posatikalipira. Bwerani mawa kuyambira 8 koloko.

Mayi a kunyumba, tiyi ndi mbatata ija munandiikira pa tebulo 2 koloko usiku ndinaidya itazizira, koma ndinaidya yonse.